Sindinawauze Kuti Atsike

Kankhirani mbaulayo pakati kuti tonse tiothe. Buledi sanapse, ndipo chiperoni chimenechi sichichoka lero. Iwe amene umandiseka dzulo kuti ndimagogoda pa dashibodi ngati ndikuodira kwa apongozi, khala apa pafupi, umve chifukwa chake. Ukamva udzaseke bwino.

Vani yoyera ija yaima kuseri kwa bekale, yopanda matayala, yomwe nkhuku zikuikiramo mazira, ndi imene ndinaphunzirira misewu ya kumapiri. Mwini chiwongolero chake anali bambo Nakhumwa. Ambiri a inu simunawaone. Anali munthu wamfupi, wa jasi yakuda, wonunkhira masamba a bulugama omwe ankatafuna chifukwa cha chifuwa. Anaperekera buledi m'mapiri a ku Thyolo zaka makumi awiri ndi zisanu osagundapo ngakhale mbuzi.

Ine ndinabwera ndili kale ndi laisensi, ndipo abwana anandiika pambali pawo kuti ndidziwe njira. Kuphunzitsa kwawo sikunali kwa pakamwa. Ine ndikakhala pa chiwongolero, iwo ankangogogoda ndi chala pa dashibodi. Akagogoda kawiri, go go, ndiye kuti mtsetse wayandikira, tsitsa giya, galimoto igwidwe ndi injini osati ndi phazi. Akagogoda katatu, go go go, ndiye kuti tawoloka madzi, mabuleki anyowa, ponda pang'onopang'ono katatu uku ukuyenda kuti aume. Ankayendanso ndi chigogo cha mbawa chosongoka mbali imodzi, chomwe anachilemba N ndi msomali wamoto. Tikaima pachitunda kapena pamtsetse, ankatsika ngakhale mvula ikugwa n'kuchipanikiza kunsi kwa tayala.

"Handibuleki ndi chingwe chabe, Gelesomu," ankatero. "Chingwe chimaduka."

Ine zinkandinyansa. Magazi anali otentha, ndipo ndinkadziona ngati ndinabadwira pa chiwongolero. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Tsiku lina abwana anandiitanira pambali n'kufunsa chifukwa chimene buledi amafikira mochedwa m'magolosale. Ndikanatha kunena za matope. Ndikanatha kunena za nkhungu. Koma ndinati, "Bwana, madalawa akalamba. Amayenda ngati tikuperekeza mkwatibwi."

Mwezi usanathe makiyi anali m'thumba mwanga, iwo ali kunyumba. Tsiku loyamba kuyenda ndekha ndinatenga chigogo chija n'kuchiponya m'munda wa tiyi, kutali ndi kwawo, ndikuseka. Kuyambira pamenepo ndinkawazemba. Ndikaona jasi yakuda pamsika ndinkakhotera kwa ogulitsa tomato. Patatha chaka, mwezi wa Julayi ngati uno, chifuwa chija chinawatenga.

Abwana anapereka vani yomweyo kuti tikatule maliro kwawo, mudzi wa pamwamba pa mapiri, kupitirira mtsinje wa Nachiwale. Woyendetsa ndinali ine. Mkazi wanga, mayi a Ligineti, anabwera nawo kukathandiza kuphika. Tinamanga masamba aawisi kutsogolo ndi kumbuyo kuti anthu adziwe kuti tanyamula maliro. Kumbuyo, pambali pa bokosi, kunakhala amayi amasiye ndi mng'ono wa malemu, a Likhutcha.

Kwawoko wakufa sayenda naye mwakachetechete ngati thumba la ufa. Amamuuza njira. Ulendo wonse ndinkamva mawu a a Likhutcha kudzera pa chitsulo cholekanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. "Achimwene, tikutuluka m'tauni." Kenako, "Achimwene, tayamba kukwera." Kenako, "Achimwene, tikuwoloka Nachiwale, musaope madzi."

Tinafika mvula yamawawa ikugwa, amayi akulira kutichingamira. Amuna ananyamula bokosi kulowa nalo m'nyumba. Ine ndimati ntchito yatha, koma a Likhutcha anandigwira mkono.

"Adalaivala, mawu omaliza ndi anu, poti mwawayendetsa ndinu. Pitani kuchitseko chakumbuyoko, muwatchule dzina, muwauze kuti afika, atsike. Bokosi latsika, koma iwo amadikira kuuzidwa."

Ndinapita. Chitseko chinali chotsekula, mkatimo mulibe kanthu koma mphasa ndi fungo la matabwa atsopano. Ndinatsekula pakamwa, mawu osatuluka. Ndiwatchule bwanji dzina munthu amene ndinamulanda makiyi? Ndiwauze kuti atsike m'galimoto imene ndinawatsitsamo kale kamodzi? Ndinangogwedeza milomo ngati munthu wosadziwa nyimbo m'tchalitchi, n'kutseka chitseko.

"Mwawauza?" anafunsa a Likhutcha.

"Ndawauza, bambo."

Mawa lake tinaika maliro masana. Cha m'ma fili koloko ine ndi mayi a Ligineti tinatsanzika. Masamba aja ndinamasula ndekha, onse, n'kukawataya kudzala. Chiperoni chinali chitatsika phiri lonse. Kunali masana, koma kunja kunali mbuu, nyumba ya maliro yomwe inali apa ndi apo osaoneka. Kuzizira kwake kunkalowa mpaka m'mano.

Nditalowa m'galimoto, mawondo anga anagunda dashibodi. Mpando unali utakankhidwira kutsogolo, malo a munthu wamfupi. Galasi loonera kumbuyo nalo linali litaweramitsidwa.

"Ana a m'mudzi muno ndi osamva," ndinatero, ndikubweza mpando.

Mkazi wanga anayang'ana chitseko cha mbali yanga. Iye ankadziwa, inenso ndinkadziwa, kuti zitseko zakutsogolo zinali zokiya ndipo makiyi anagona m'thumba la jekete langa.

Tinanyamuka, nyali zoyaka, zopukutira galasi zikulira kwii, kwii. Msewu wa kumeneko ndi dothi lofiira lomwe likanyowa limaterera ngati therere. Vani yopanda katundu imadumphadumpha kumbuyo, nonse mukudziwa. Iyi sinkadumpha. Inkayenda yolemera, ndipo pa bampu iliyonse kumbuyo kunkakhala pansi ngati tanyamula.

Tisanapite patali, munthu wa panjinga anatulukira m'nkhungu. Atationa anatsika msanga, navula chipewa, naima mowerama mpaka tinadutsa. Ndinati mwina wazindikira galimoto ya dzulo. Kutsogolo tinapeza amayi atatu atasenza nkhuni. Onse anatula mitolo yawo pansi n'kugwada m'matope m'mbali mwa msewu.

"Bambo a Ligineti," anatero mkazi wanga motsitsa mawu, "masamba aja munachotsa onse?"

"Ndinachotsa."

"Nanga anthuwa akugwadira chiyani?"

"Ndi aulemu anthu a kuno."

Pa mphambano ina mwamuna wofunda thumba la pulasitiki anatiimitsa ndi dzanja, ali ndi mtolo wa nzimbe. Ine sindinkafuna kuima, koma mkazi wanga anati munthu sangamusiye pa kuzizira kotere. Ndinaima n'kumuuza kuti akwere kumbuyo, chitseko n'chosakiya. Ndinamuona pagalasi la m'mbali akupita. Anagwira chogwirira cha chitseko, nasuzumira pa kawindo kakang'ono ka pachitsekopo. Anakhala choncho kanthawi. Kenako anachotsa dzanja pang'onopang'ono n'kubwerera kwa ine chammbuyo, nzimbe zake atazikumbatira.

"Pepani, achimwene, sindinadziwe," anatero. "Ine ndiyenda wapansi. Yendani nawo bwino akuluwo."

Sindinamufunse kuti akulu ati. Ndinangoika giya. M'galimoto munayamba kumveka fungo la masamba a bulugama otafunidwa, ndipo mawindo onse anali otseka.

Mayi a Ligineti anandiyang'ana nthawi yaitali. Mkazi amene wakhala nawe zaka khumi ndi ziwiri sumunamiza ndi nkhope.

"Munawauza kuti atsike?"

Ndinayang'ana msewu.

"Bambo a Ligineti, ndikufunsa inu. Munawauza?"

"Mawu anakana kutuluka."

"Mayo ine!" Anagwira pamutu. "Mwatipha. Ana athu mwawasiyira yani?"

Ndinkaganiza kuti iye yekha ndi amene ankadziwa zimene ndinanena kwa abwana, chifukwa ndinamuuza ndekha tsiku lomwelo, ndikudzitama. Tsono tonse awiri tinali ndi ganizo limodzi, ngakhale palibe analitchula: munthu amene ndinamulakwira ali kumbuyo kwathu, ndipo kutsogolo kuli mtsetse wa kwa Mpeni, makona asanu ndi awiri, phompho kumanzere.

Tinafika pa Nachiwale. Pamenepo mlatho wake ndi wa pansi, simenti chabe yomwe madzi amadutsa pamwamba. Dzulo lake madzi ankangonyambita matayala. Tsiku limenelo anali ofiira, akuthamanga, ndipo titalowamo anafika m'munsi mwa zitseko. Vani inagwedezeka, inakoka, n'kutulukira tsidya lina madzi akuchucha.

Pomwepo, kuseri kwenikweni kwa mutu wanga, pa chitsulo cholekanitsa chija, panamveka.

Go. Go. Go.

Anzanga, ndakumanapo ndi achifwamba pamsewu, ndagonapo m'chipatala, koma mantha ngati amenewo sindinawamvepo. Tsitsi linaima. Sikunali kugubuduka kwa jeke kapena sipanala. Chinali chala cha munthu, chogogoda modekha, ndipo kagogodedwe kake ndinkakadziwa.

Ndikanakhala ndi nzeru ndikanakumbukira tanthauzo lake. Koma mantha alibe sukulu. Mutu wanga unangoti thawa. Ndinaponda mafuta, giya yachitatu, yachinayi, kuthawa chinthu chomwe chili m'galimoto momwemo. Sekani, n'zoseketsadi. Mkazi wanga anayamba kupemphera mokweza, akusakaniza Atate Wathu ndi maina a ana.

Go. Go. Go. Kachiwiri, mwamphamvu.

"Ndisiyeni!" ndinakuwa. "Ndinalakwa, ndisiyeni!"

Mitengo ya m'mbali inkatulukira m'nkhungu n'kusowanso. Kenako mphuno ya galimoto inaweramira pansi, ndipo ndinadziwa kuti mtsetse wayamba.

Go, go.

Kona yoyamba inatulukira pafupi kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinaponda buleki. Phazi linapeza chopondera chili cholimba bwinobwino, koma galimoto inangopitirira ngati sindinachite kanthu. Mabuleki anali odzaza madzi a Nachiwale. Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse, msana utakanikiza mpando. Tayala limodzi lokha linagwira, ndipo kumbuyo kwa vani kunayamba kutsetsereka kulowera kumanzere, mbali ya mkazi wanga. Pawindo lake sindinaone mtengo kapena udzu, koma nkhungu yokhayokha yopanda pansi.

GO, GO! Chitsulo chonse chinanjenjemera.

"Amvereni!" anakuwa mayi a Ligineti, atandigwira jekete. "Ngati akufuna kutipha atipha ndithu, koma amvereni!"

Kuchotsa phazi pa buleki galimoto ikuthamangira kuphompho ndi chinthu chimene thupi limakana. Ndinachotsa. Kumbuyo kunabwerera mumzere. Ndinaponda kilachi n'kukankhira giya yachitatu, injini inabangula, vani inagwidwa pang'ono ngati munthu waikoka malaya. Tinazungulira konayo matayala akumanzere akudya udzu wa m'mphepete.

Go, go.

Giya yachiwiri. Injini inalira ngati iphulika, koma liwiro linatsika.

Kenako kunabwera katatu kaja, koma mosafulumira, ngati mmene ankachitira masiku oyamba, kugogoda kumodzi n'kudikira. Go. Ndinaponda pang'ono n'kusiya. Go. Ndinapondanso n'kusiya. Go. Anabwerezanso, ine ndikutsatira, misozi ikutsika osaipukuta. Pa ulendo wachitatu ndinamva mabuleki akuyamba kuluma, mbali zonse mofanana.

Tinatsika choncho kona yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Kunkangomveka injini, zopukutira galasi, ndi kupuma kwa mkazi wanga. Nthawi zina ndinkamva ngati pali kupuma kwinanso, kokhala ndi kaphokoso ka m'chifuwa, koma galasi loonera kumbuyo sindinaliyang'ane. Ndikuuzeni zoona, mpaka pamenepo sindinkadziwa ngati akutipulumutsa kapena akungotisungira malo amene asankha okha.

Titadutsa kona yachinayi msewu umawongoka pang'ono, ndipo pamenepo dalaivala aliyense amapumira. Ndinayamba kufuna kukweza giya.

Go, go.

Tinali kale pa giya yachiwiri, tikuyenda ngati njinga. Ndinazengereza.

Go, go.

Ndinaika giya yoyamba. Vani inayamba kukwawa, munthu woyenda pansi akanatipitirira. Ndinatsitsa windo n'kutulutsa mutu kuti ndione bwino, mvula ikundimenya kumaso. Nyali zinkaunika dothi lofiira, dothi lofiira, dothi lofiira, kenako sizinaunikenso kanthu.

Msewu kunalibe. Phiri linali litagumuka n'kutenga msewu wonse, kusiya chibowo chomwe pansi pake pankamveka madzi okhaokha. Ndinaponda buleki mofatsa, ndipo inagwira. Tinaima mtunda wosakwana kutalika kwa mphasa kuchokera pamphepete.

Ndinakoka handibuleki. Inalira kuti thwa, n'kukwera yopepuka m'dzanja langa. Chingwe chinali chitaduka.

Ndinazimitsa injini galimoto ili mu giya, phazi lili pa buleki. Koma mwendo wanga unkanjenjemera ngati wa munthu wa malungo, ndipo nthawi iliyonse ukafooka vani inkasuntha pang'ono, khu, n'kuimanso. Khu. Mphepete ija inkayandikira.

"Mayi a Ligineti, tsikani," ndinatero. "Funani mwala muike kutsogolo kwa tayala. Mukaona kuti ikupita, musaigwire. Mukalere ana."

"Sinditsika ndekha."

"Tsikani, mwendo watopa!"

Asanatsekule n'komwe chitseko, pansi pa galimoto, chakumbuyo, panamveka kuti gu. Vani inagwedezeka kamodzi n'kuima nji. Ndinadikira. Ndinachepetsa mphamvu pa phazi pang'onopang'ono mpaka ndinalichotsa. Sinasunthe.

Mkazi wanga anatsika n'kuzungulira kumbuyo. Kenako anandiitana ndi mawu aang'ono ngati a mwana.

"Bambo a Ligineti, tabwerani muone."

Kutsogolo kwa tayala lakumbuyo kunali chigogo cha mbawa, chopanikizidwa bwino, mbali yosongoka ili kunsi kwa tayala. Chilembo cha N chinkaoneka. Chilichonse pamalopo chinali chonyowa, msewu, matayala, ifeyo, koma chigogocho chinali chouma. M'matope munalibe phazi la munthu kupatula mapazi athu.

Tinayenda wapansi kubwerera kumtunda mpaka tinapeza nyumba, ndipo eni ake anatisunga. Amuna a pamenepo anakaika nthambi pamsewu kuti wina asatsike. M'mawa thirakitala ya ku esiteti ya tiyi inakoka vani chammbuyo mpaka pamalo otembenukira. Njira yotsala inali imodzi yokha, yobwerera kumudzi kwa bambo Nakhumwa. Chigogo ndinachinyamula ndi manja awiri n'kuchiika pampando wapakati. Ulendo wonse wobwerera sikunamveke kugogoda, koma kumbuyo kunali kolemerabe, ndipo pa Nachiwale ndinaumitsa mabuleki osadikira kuuzidwa.

Titafika, anthu anali akadali pa msasa wa maliro. A Likhutcha anaimirira, anayang'ana vani, anayang'ana ine.

"Chitseko chili pomwe munachisiya, adalaivala," anatero.

Ndinapita kumbuyo, anthu onse akuona. Ndinatsekula zitseko ziwiri zonse. Munali mphasa yokha ija. Ndinagwada m'matope.

"Bambo Nakhumwa," ndinatero, "ndine Gelesomu. Ndine ndinakunenezani kwa abwana kuti mwakalamba. Ndine ndinataya chigogo chanu. Ndinalakwa, bambo. Tafika kwanu. Tsikani."

Poyamba sipanachitike kanthu. Kenako masipuling'i analira pang'ono, ndipo kumbuyo kwa vani kunakwera, monga imachitira munthu akatsika. Amayi amene anali pafupi anadzipatula okha, kusiya kanjira pakati pawo kolowera kumanda. Fungo la bulugama linandidutsa pafupi ndi phewa n'kutha.

Ndinakhalabe chogwada. Amene anabwera kudzandigwira paphewa anali amayi amasiye, atafunda chitenje kumutu.

"Dzukani, mwananga," anatero. "Za kwa abwanazo ankazidziwa kuyambira tsiku lomwelo. Sanakwiye nazo masiku ambiri. Chimene chinkawasowetsa tulo n'china. Chiperoni chikayamba ankaima pakhomo n'kumayang'ana kumapiri, amvekere, 'Mwana uja ndinamusiya ndisanatsike naye mtsetse wa kwa Mpeni kukugwa mvula.' Mpaka m'chipatala ankanenabe zomwezo."

Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira pa maliro a bambo anga ondibala.

Papita zaka zisanu ndi zinayi. Sindinamvenso kugogoda, ngakhale kamodzi, ndipo masiku ena a nkhungu ndimakufuna. N'chifukwa chake ndimagogoda ndekha, kawiri pamwamba pa mtsetse, katatu ndikawoloka madzi.

Aka, atsekula chitseko, buledi wapsa. Iwe woseka uja, lero ukupita njira ya kumapiri, eti? Pita ukatenge chigogo chili pansi pa mpando wanga. Madzulo undibwezere m'manja, chifukwa si changa.